Jombo Zanga Zatsopano pa Mseu wa ku Katondwe

Pansi pa bedi langa pali jombo zacikopa zofiirira zimene ndinabvala tsiku limodzi ndi theka cabe. Zikali kunyezimira mpaka lero. Mlongo wanga amandiuza kawirikawiri kuti ndizigulitse, koma ndazisunga. Tsopano popeza magulu a acinyamata a m'maparishi ena ayamba kutifunsa za ulendo wathu wapansi wa mu 2025, ndipo ena a inu muli kukonzekera wanu, ndaganiza kuti ndikuuzeni mbiri ya jombozi musanapite kumsika kukataya ndalama monga ndinacitira ine.

Mukumbukira kuti 2025 cinali Caka Coyera ca Jubile, cimene Papa Francis anatsegula pa 24 Disembala 2024. Akristu analimbikitsidwa kuyenda maulendo a cipembedzo. Ku Roma sitikanafika. Ku Namugongo m'dziko la Uganda, kumene anthu ena amayenda pansi milungu ingapo kuti akakhalepo pa 3 Juni, tsiku la Karolo Lwanga ndi anzake, nako kunatalikira matumba athu. Tsono ife a kwa Mphuka tinati tiyende ulendo wakwathu konkuno: kuyambira ku Boma, ku Feira, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, mpaka ku misoni ya Katondwe, masiku atatu. Njirayi tinaisankha dala. Pa mathiriro pomwepo, mu Januwale 1856, David Livingstone anapeza mabwinja a chalichi ndi belu losweka lolembedwa zilembo I.H.S., cizindikiro cakuti akristu anapempherapo kale pamalopo. Ndipo mu 1910, boma latsopano la Portugal litathamangitsa ansembe a ciJezuiti, ena a iwo amene anali ku Miruru, tsidya lija ku Mozambique, anaoloka Luangwa nadzayamba misoni ku Kapoche ndi ku Katondwe. Tinafuna kuti mapazi athu alumikize malo amenewa.

Wapampando wa gulu ndinali ine. Pamsonkhano wotsiriza ndinaima kutsogolo, pepala liri m'manja, ndi kulankhula ndi mau a munthu amene anapita ku koleji: "Aliyense akhale ndi nsapato zolimba, zotseka phazi lonse. Wa mapatapata asabvutike ndi kubwera." Amene analembetsa anali 31. Tsiku lonyamuka panafika 27. Anai aja sindinawafunse. Ndinali wotangwanika ndi zingwe za jombo zanga.

Jombozo ndinazigula ku Lusaka pa chuthi ca Epulo, ndi ndalama za malipiro anga a uphunzitsi. Ndinaziyesa m'mawa, nditabvala sokosi wopyapyala wa kunchito, ndipo zinandigwira ngati anasokera ine. Wogulitsa sanandinamize ai. Zinali jombo zabwino, zoyenera munthu wokwera mapiri a miyala kudziko lozizira. Nditafika nazo kumudzi ndinazibweza m'bokosi kuti zisade tsiku lisanafike. Taonani, zolakwa zitatu pa nsapato imodzi, ulendo usanayambe.

Madzulo olongeza katundu, ambuya anga, amai a amai anga, anakhala pamphasa ndi kumandiyang'ana. M'cikwama munalowa mabuluku atatu, mashati anai, jekete, bulangete lalikulu, nsapato zina zobvala pa Misa, mabuku awiri, sipika ya nyimbo ndi mabatire ake, ngakhale kagalasi. Ambuya anafunsa, "Kodi iwe, usamuka?" Ndinaseka. Iwo sanaseke. Anandikumbutsa za pa 6 Malichi 1978, tsiku limene asilikali a Rhodesia anaphulitsa mabomba ku Kavalamanja, kumene iwo anali kukhala nthawi imeneyo. Anati, "Tinathawa ine ndi mwana kumsana, citenje cimodzi, kapoto ndi machesi. Amene anabwerera kukatenga masutukesi anawataya m'chire dzuwa lisanafike pamutu." Ndinawayankha mwaulemu kuti ulendo wathu si wothawa nkhondo. Iwo anangoti, "Msana sudziwa zimenezo."

Tinanyamuka mu Juni, m'mawa wozizira, tikuimba. Maola awiri oyamba ndinali patsogolo, ndipo sindikana, ndinali kuyembekezera kuti wina achule za jombo zanga. Ca m'ma 10 koloko ndinayamba kumva kutentha kumbuyo kwa cidendene cakumanja, ngati wina waikapo khala laling'ono. Anzanga, mukamva zimenezi imani pomwepo. Bvulani nsapato, pukutani phazi, matanipo pulasitala, ndipo zingathere pomwepo. Ine sindinaime. Wapampando angakhale pansi bwanji pamseu, ana a Giredi 8 akali kuyenda?

Thuza silicedwa kubadwa. Pamene uponda, khungu lakunja limagwirana ndi sokosi, koma pfupa lam'kati limasuntha, motero khungu limakokedwa uku ndi uku. Pa kilomita imodzi yokha munthu amaponda koposa ka 1,200. Kukokana kumeneku kukapitirira, khungu lapamwamba limalekana ndi lapansi pake, ndipo madzi amadzaza pampatapo. Thukuta ndi kutentha zimafulumizitsa zonsezi, cifukwa khungu lonyowa limafewa ndiponso limagwirana kwambiri ndi nsalu. Cina cimene sindinadziwe ndi cakuti phazi limatupa munthu akayenda nthawi yaitali. Jombo imene inandikwana bwino m'mawa ku Lusaka inali ndende pofika 2 koloko masana m'cigwa ca Luangwa. Musaiwale kuti kwathu kuno ndi kumunsi kwenikweni kwa dziko la Zambia, mamita 329 cabe pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo ngakhale mu Juni tala imatentha masana.

Usiku woyamba tinagona m'kalasi pa sukulu ina. Nditabvula jombo, sokosi anali atamatirira. Kumanja thuza linali litaphulika kale, kumanzere kunali awiri, ndipo cikhadabo ca cala cacikulu cinali citayamba kuda cifukwa cogundagunda kutsogolo kwa jombo potsetsereka. Ndinabisa mapazi m'bulangete. M'mawa ndinazibvalanso, ndikuluma mano.

Ndinapirira mpaka ca m'ma 11 koloko, kenaka ndinakhala pansi pa mlambe ndi kulephera kunyamukanso. Amai awiri acikulire a mumpingo amene anatiperekeza anandibvula jombo ngati kamwana. Mmodzi ananyamula cikwama canga, nacibweza pansi msanga, nati, "Aphunzitsi, mwaikamo njerwa?" Pambuyo pake tinacipima: makilo 14, osawerengera jombo zimene zinali kilo imodzi ndi theka. Katunduyo anagawana. Bulangete ndi sipika anazimanga m'citenje, ndipo amene anasenza pamutu anali kamtsikana ka Giredi 8, kamene kanali ndi katundu wakenso. Mnyamata wina wotumikira pa Misa anabvula makanivasi ake akale nandipatsa, iye nayenda ndi mapatapata obwereka, mapatapata omwe aja ndinaletsa. Jombo zanga anazikoloweka pakhosi.

Apa ndi pamene ndifuna mumvetse bwino. Kale ndinali kuganiza kuti nsapato za munthu ndi nkhani yake yekha, ndipo ngati wasankha molakwa adzamva yekha kuwawa. Pa ulendo wa gulu sizitero. Gulu limayenda paliwiro la phazi lodwala kwambiri, ndipo tsiku limenelo phazilo linali langa. Tinataya maola atatu. Akatekisti anali atatilangiza kuti malo ena a chire tiwapitirire dzuwa likali pamwamba, cifukwa njobvu zimadutsa mseu madzulo popita kumadzi ndi mbandakuca pobwerera. Aliyense wa m'boma la Luangwa adziwa kuti imeneyi si nthano, pakuti tinaikapo maliro a anthu okumana nazo. Dzuwa linafiira tikali kutali ndi pogona pathu, ndipo tinamva nthambi zikuthyoka kumbali ya mtsinje. Nyimbo zinatha zokha. Tinapatukira pamudzi woyamba umene tinaona. Banja limene silinatiyembekezere, anthu amene anali atangoturuka m'njala ya cilala ca 2024, linatsegula nkhokwe ndi kuphikira pakamwa 29. Ndinadya nsimayo mutu uli pansi. Ana a eni ake, amene makolo ao anandikhulupirira nao, ndinawaika pangozi cifukwa ca jombo ndi sipika.

Ku Katondwe tinafika tsiku lacitatu madzulo m'malo mwa masana. Titatha mapemphero ndinacita cinthu cimene ndikanacita poyamba: ndinayang'ana mapazi a anzanga ndi kuwafunsa. Amene anafika opanda bala anali amai aja awiri, m'makanivasi ao opita nao kudimba tsiku ndi tsiku, ndi mnyamata wina msodzi amene anabvala nkhwaira za matayala zokhala ndi lamba kucidendene. Enanso anali a matrena akale a salaula amene anali atawabvala miyezi yambiri. Amene anabvutika anali atsikana atatu a nsapato zapulasitiki, cifukwa thukuta liribe poturukira ndipo phazi limasambira m'kati. Anyamata awiri a nsapato za mpira anamva misomali yake ikuwabaya kuphazi pa tala youma. Wa nsapato za sukulu anafika, koma zidendene zikuwawa cifukwa pansi pake ndi polimba. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa nsapato zatsopano amene anafika bwino. Mtengo wa nsapato sunanene kanthu. Cimene cinasiyanitsa anthu cinali cakuti phazi ndi nsapato zinadziwana kale kapena ai.

Tsono ngati muli nazo nsapato zimene mumayenda nazo kutali osamva kuwawa, zimenezo ndizo za ulendo, ngakhale zitasuluka. Pitani nazo kwa wosoka nsapato azizungulize ndi ulusi pansi ponse, pakuti guluu yekha amamasuka pa tala yotentha. Ndalama yake ndi yocepa kwambiri poyerekeza ndi kugula zina.

Ngati simungacitire mwina koma kugula, gulani kukali mwezi wathunthu, ndipo ku salaula kuli bwino. Pitani masana, mutayendayenda kale, phazi litatupa. Tengani sokosi amene mudzabvala pa ulendo. Bvalani zonse ziwiri, cifukwa anthu ambiri phazi lina limakulirapo. Mutaimirira, pakati pa cala canu cacitali ndi nsonga ya nsapato patsale mpata wokwana cala cacikulu ca kumanja copingasa. Zala zizitha kusewera, koma cidendene cisamakwere ndi kutsika poyenda. Pindani nsapatoyo ndi manja: iyenera kupindika pamene phazi limapindikira, pafupi ndi zala, osati pakati. Itembenuzeni muone kunsi. Ngati inadyeka mbali imodzi, idzakupendeketsani monga anali kupendekera mwini wake woyamba. Kenaka kanikizani cala mwamphamvu pa mphira wa pansi. Nsapato zina zimene zinakhala zaka osabvalidwa zimaoneka zatsopano, koma mphira wake unafa kale, ndipo umanyenyeka ngati mkate wouma mukayenda makilomita owerengeka. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukagula, zicapeni, ziume padzuwa, ndipo muzibvale tsiku liri lonse: kusukulu, kumunda, kucigayo. Kawiri kapena katatu yendani nazo maola atatu mutabereka cikwama cimene mudzanyamula. Ngati ziri ndi pokuluma, zikulumeni muli pafupi ndi kwanu.

Za mapatapata ndinalakwa, koma osati kotheratu. Pa ulendo wa masiku, kacingwe kake kamadula pakati pa zala, zala zimatopa ndi kugwirira, ndipo minga ya mthethe imapyoza mosabvuta. Komabe munthu amene anakulira m'mapatapata, khungu lake linakhwima, angayende nao bwino kuposa m'nsapato yobwereka imene saidziwa. Amange kacingwe kozungulira cidendene, atenge ndi kawaya kokonzera akaduka. Ndipo aliyense, ngakhale wa nsapato zabwino, akhale nao m'cikwama. Ndi opepuka, ndipo madzulo phazi limafuna mphepo.

Sokosi anthu amamupeputsa, koma ndiye amene amakhudza khungu. Wa thonje amamwa thukuta ndi kulisunga. Wa nailoni, monga wa mpira, kapena wa ubweya amauma msanga. Ena amabvala awiri, wopyapyala m'kati ndi wokhuthala kunja, kuti kukhuzana kucitike pakati pa sokosi ndi mnzake m'malo mwa pakhungu. Mapeya atatu akwana: wina kuphazi, wina wouma m'cikwama, wina wocapa ali kuuma atamangiriridwa kunja kwa cikwama. Popuma masana bvulani zonse, kutumulani mcenga, sinthani sokosi. Kamwala kamodzi kakang'ono kamene mwacita ulesi kukacotsa kangakupundulitseni. Dzolani vaselini pang'ono pakati pa zala ndi kucidendene musananyamuke. Wengani zikhadabo kukali masiku awiri kapena atatu, osati usiku womwewo. Ndipo m'mawa, musanalowetse phazi, gugudani nsapato pansi. Zinkhanira za kuno zimakonda malo ofunda monga ife tomwe.

Thuza likabwera ndithu, laling'ono lisiyeni, ingoliphimbani. Lalikulu lolepheretsa kuponda lingaboolidwe m'mbali ndi singano yoyera kuti madzi aturuke, koma khungu lapamwamba musalisende, ndilo cibvundikiro ca bala. Nchito imeneyi ikhale ya munthu mmodzi wosankhidwa, amene anakaphunzirako kwa anamwino a ku kiliniki gulu lisananyamuke, wosamba m'manja ndi sopo. Singano imodzi, munthu mmodzi. Musabwerekane singano kapena lezala ngakhale pang'ono, pakuti HIV ndi matenda a ciwindi a hepatitis B amayenda m'magazi. Bala likafiira mozungulira, likaturutsa mafinya, kapena munthu akayamba kutentha thupi, ulendo wake wathera pomwepo, apite kucipatala. Amene ali ndi matenda a shuga aonane ndi adokotala asanalembetse, cifukwa bala la kuphazi kwa iwo silipola msanga.

Tibwere ku katundu. Ku Spain kuli njira yakale ya apaulendo a cipembedzo yopita ku Santiago de Compostela. Ena amayamba ku France ndi kuyenda makilomita pafupifupi 800, ndipo calaka ca umboni cimaperekedwa kwa amene wayenda pansi makilomita 100 otsiriza kapena kuposapo. Anthu a njira imeneyo ali ndi lamulo la pakamwa lakuti cikwama cisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa mwini wake. Wa makilo 50 anyamule makilo 5. Ine ndine wa makilo 62, ndiye kuti ndinasenza koposa kawiri muyeso wanga. Tsono kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndipo m'cigwa muno simungayende ndi madzi ocepera malita awiri. Mwaona kuti malo otsala ndi ocepa? Cinthu ciri conse cifunsidwe kuti, kodi ndikacisiya cidzacitika ndi ciani? Ngati yankho ndi lakuti anthu adzandiona ndi shati limodzimodzi masiku awiri, cisiyeni. Ngakhale Ambuye potuma ophunzira ao awiriawiri, monga tiwerenga mu Marko mutu 6, anawalola nkhwaira ndi ndodo, koma malaya aciwiri anawakaniza. Ine ndinawerengapo ndime imeneyi kutsogolo kwa gulu, mashati anai ali m'cikwama.

Cobvala cimodzi pathupi, cina m'cikwama, ndi juzi ya usiku, popeza Juni ndi Julaye kumazizira kukada. Cipewa ca mlomo waukulu. M'malo mwa bulangete lolemera, kabulangete kopepuka ndi citenje. Anyamata, musacite manyazi ndi citenje. Ndi cofunda, ndi mphasa, ndi thaulo, ndi mthunzi, ndi nkhata, ndi comangira bondo likatupa, ndipo zitenje ziwiri ndi mitengo iwiri zimasanduka macira onyamulira wodwala. Palibe cinthu ca m'sitolo ya azungu cimene cimagwira nchito zambiri cotere pa kulemera kocepa cotere. Mbale, kapu ndi supuni zikhale zapulasitiki. Sopo dulani kacidutswa. Kamba wa m'njira akhale wouma: nshawa zokazinga, cimanga cokazinga, masau ouma, malambe, kandolo wophika wa tsiku loyamba. Atsikana asaiwale zofunika pa masiku ao a mwezi ngakhale aganiza kuti nthawi siinakwane, ndipo amai operekeza asunge zina zapadera.

Pali zinthu ziwiri zimene sindilola kuti munthu asiye pofuna kupepukitsa katundu. Coyamba ndi neti ya udzudzu. Kugona masiku awiri m'kalasi lopanda magalasi m'mbali mwa Luangwa popanda neti ndi kukatenga malungo dala, ndipo neti imodzi ikwana anthu awiri. Caciwiri ndi madzi abwino. Gulu lidziwiretu midzi imene iri ndi mijigo, litenge ndi kabotolo ka klorini. Musatume munthu kukatunga kumtsinje pamalo amene simuwadziwa. Ng'ona za m'Luangwa sizisankha wa pa ulendo woyera. Wina akafooka ndi thukuta kapena akatsegula m'mimba, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa pang'onopang'ono, kapena tengani mapaketi a ORS ku kiliniki.

Zambiri zotsala ndi za gulu, osati za munthu mmodzi. Matochi anai akwana anthu 30. Mafoni awiri kapena atatu akhale ozimitsa, osungira ngozi. Baibulo limodzi, buku la nyimbo limodzi. Mapoto, ufa ndi ndiwo zitsogole pa njinga kapena pa ngolo, zikakudikireni pogona. Sipika isiyeni kunyumba. Tinali ndi makosi 27 ndi ng'oma imodzi yaing'ono, ndipo sipika yanga inalira mphindi 40 zokha pa ulendo wonse, pamutu pa mwana wa eni.

Cikwama cikhale ca malamba awiri, monga ca sukulu, comangika pafupi ndi msana, zolemera ziri m'kati cakumsana. Ca lamba mmodzi cimapotoza phewa, ndipo cikwama ca ukwa conyamula m'manja cidzakutopetsani musanaturuke m'mudzi. Koma amene anazolowera kusenza pamutu musawakakamize kubereka. Ndinaseka amai aja poyamba pamene anakana zikwama namanga mitolo yao. Pambuyo pake ndinawerenga kuti mu 1986 akatswiri anapima azimai a ciLuo ndi a ciKikuyu ku Kenya, napeza kuti amatha kusenza katundu wofika gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwao popanda kuonjezera mphamvu imene thupi limagwiritsa nchito poyenda. Amai athu sanayembekezere akatswiri kuti adziwe zimenezi. Ndodo nayo ndi yabwino, makamaka potsetsereka, ndipo siigulidwa. Pa tala yendani mumzere umodzi kudzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto obwera, ndipo pamene pali dothi m'mbali pondani padothi, mawondo adzakuthokozani. Za nyengo sindinena zambiri. Amene afuna kuyenda m'cigwa muno mu Okutobala, kutentha kukupitirira madigiri 40, ayambe wakambirana ndi abambo mfumu za maliro ake.

Mapazi anga anapola patapita milungu itatu, ndipo cikhadabo cija cinagwa. Koma anthu anai aja sanandicoke m'mutu. Awiri anali ndi zifukwa zina. Wacitatu, mtsikana, anayesa kubwereka nsapato kwa msuweni wake koma sanapatsidwe. Wacinai ndinakampeza kwao akukonza ukonde. Ndi mnyamata wa zaka 16 amene amayenda ola limodzi ndi theka kupita kusukulu ndi ola limodzi ndi theka kubwerera, tsiku liri lonse, m'mapatapata omangidwa ndi waya. Ndinamufunsa cifukwa cimene sanabwere. Sanandiyang'ane kumaso. Anati, "Aphunzitsi, munati wa mapatapata asabvutike." Anandiuzanso kuti m'mawa umene tinanyamuka anaima kuseri kwa mtengo pafupi ndi mseu, natiwerenga tikudutsa. Pa gulu lonse lija, iye ndiye anali ndi mapazi okonzeka koposa, ndipo ine ndinamusiya kuseri kwa mtengo ndi ciganizo cimodzi. Ndinapepesa kwa iye, ndi kwa amai ake, ndipo Sondo lotsatira ndinapepesa pamaso pa gulu.

Atsogoleri anzanga, pamene mulengeza za ulendo, samalani mau anu pa nkhani ya nsapato ndi zobvala. Amene alibe sadzaimika dzanja kunena kuti alibe. Adzangosowa, ndipo inu mudzati ndi ulesi. Ife tsopano tiri ndi katoni m'nyumba ya akatekisti mmene anthu amaponya makanivasi ndi matrena amene awacepera, ndipo thumba la gulu limalipira wosoka nsapato. Wofuna amakasankha yekha, popanda kulembedwa dzina, kukali mwezi wathunthu kuti phazi lizolowere. Jombo zanga ndinafuna kuziponya momwemo, koma amai aja anakana, ati zingapweteke mwana wina.

Tiri kukonzekera kuyendanso, ndipo ulendo uno tifuna kupitirira Katondwe mpaka ku Luangwa Bridge, makilomita pafupifupi 90 kucokera ku Boma. Ciweru ciri conse timakumana kukangoyera, aliyense ndi cikwama cake ndi nsapato zake za ulendo, ndipo timayenda maola atatu. Tisananyamuke timapacika sikelo yobwereka kwa wogula nsomba pa nthambi ya msau, ndipo cikwama ciri conse cimakwera. Wowerenga sikelo ndi mnyamata uja. Anasankha makanivasi m'katoni, koma mapatapata ake amawamangirira kunja kwa cikwama. Ciweru catha canga cinaonetsa makilo 7. Anandiyang'ana, natsegula cikwama pamaso pa onse, naturutsa buluku laciwiri limene ndinabisa pansi, napatsa mlongo wanga kuti abwerere nalo kunyumba.